Mwana wodwala impso, magnesium watsika: ndimugulire uja wa chilungulira?

Mayi wa ku Ndirande:
Moni nonse. Mnyamata wanga wazaka 6 anayamba kudzuka zikope zitatupa, kenako miyendo ndi mimba, mkodzo thovu lokhalokha ngati mwathiramo sopo. Kuchipatala anati ndi nephrotic syndrome, impso zikutaya mapuloteni mumkodzo. Akumwa prednisolone, ndipo kutupa kutanyanya anamuwonjezera furosemide, mankhwala otulutsa madzi m'thupi. Koma sabata ino akumadzuka usiku n'kumalira kuti akatumba akukokana. Atamuyeza magazi anati magnesium, umodzi mwa michere yofunika m'thupi, ali pa 0.6, tibwerenso Lachinayi. Apongozi akuti ndingogula magnesium uja timatafuna tikamva chilungulira. Nditero kodi?

Namwino wa ana:
Ayi mayi, dikirani. Wa chilungulirayo ntchito yake n'kuziziritsa asidi m'mimba, ndipo impso zikakhala zofooka magnesium wopereka mwachisawawa amaunjikana m'magazi. Mlingo wabwino umakhala pakati pa 0.7 ndi 1.0 mmol/L, ndiye wanuyo watsika pang'ono. Furosemide potulutsa madzi amakokanso magnesium, potaziyamu ndi kashiamu. Chinanso, gawo lina la magnesium m'magazi limayenda litamatirira ku albumin, puloteni yomwe mwanayo akutayayo, choncho albumin akatsika nambala yapapepala imatsika nayo. N'chifukwa chake adokotala amaziwerenga pamodzi. Lachinayi mukapemphe ayezenso potaziyamu ndi kashiamu, poti magnesium akachepa ziwirizi sizikwera msanga ngakhale mutamwetsa mankhwala. Koma zala zikapindika n'kuuma, akakomoka, kapena akadandaula kuti mtima ukugunda modumphadumpha, musadikire Lachinayi, pitani usiku womwewo.

Bambo wa atsikana atatu:
Wathu wachiwiri matendawa ankangobwerera, mpaka anamuyika pa tacrolimus. Tinauzidwa poyamba pomwe kuti mankhwala amenewa amataya magnesium mumkodzo, ndiye ankamuyeza pafupipafupi. Mapiritsi a magnesium amene anamulembera anamutsegula m'mimba masiku oyamba, adokotala anachita kugawa mlingowo pang'onopang'ono. Kunyumba, pofuna zakudya za magnesium wambiri, tinasiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa. Nkhondo inalipo, akulu ake ankati nsima yakuda sadya! Ndiwo zinali nyemba, bonongwe, nkhwani wotendera, ndi nthanga za maungu zokazinga. Chovuta ndi kuchepetsa mchere. Mayi ake ankapatula kaye ndiwo zake asanathire, ndipo therere la soda analeka, poti soda nayenso ali ndi sodium ngati mchere.

Namwino wa ana:
Zakudyazo n'zoona bambo, bola potaziyamu wa mwanayo akhale atayezedwa, chifukwa tacrolimus amatha kumukweza. Mayi, kodi akumwanso omeprazole? Ena amapatsidwa pamodzi ndi prednisolone, ndipo akamwa nthawi yaitali nayenso amatsitsa magnesium. Mukawakumbutse adokotala, koma musasiyitse mankhwala aliwonse panokha, makamaka prednisolone.

Mayi wa ku Ndirande:
Eya akumwa, kapisozi kamodzi m'mawa uliwonse. Ndinkangoti n'ka m'mimba basi. Ndalemba zonse pakapepala, ndakaika m'buku lake lakuchipatala. Apongozi ndawauza kuti tipitire limodzi akamve okha.