CD yomwe andibenera ikukana kulira m'galimoto, vuto nchani?

Wa_Sienta_pa_Lizulu:
Abale thandizeni. Ndili ndi ka Sienta kochoka ku Japan, ndimayenda Dedza boma mpaka Lizulu, ndiye mukudziwa wailesi zake zimathera pa 90 FM, masiteshoni ambiri sagwira, pobaya fulashi palibe, chondipulumutsa ndi CD basi. Anyamata ena obena nyimbo andiikira nyimbo zoposa 100 pa CD imodzi, pa kompyuta pawo ikulira bwinobwino koma m'galimoto ikungozungulira pang'ono kenako kuilavula. Ma CD akwaya ogula aja akulira popanda vuto. Wailesiyi yatha kapena?

Tekinishani_wa_Mphate:
Akulu wailesiyo ilibe mlandu, nambala ya 100 mwatchulayo ndi imene yaulula zonse. Anakubenerani data CD, angokopera ma mp3 ngati akuika pa fulashi, ndiye wailesi zakale sizidziwa kuti mp3 nchani. Yang'anani pamaso pake, ngati sipanalembedwe MP3 kapena WMA ndiye kuti imafuna Audio CD basi. Tsono apa mpomwe anthu amakangana nafe pa shopu, Audio CD siwerenga ma MB, iwerenga mphindi. CD ya 700MB ndi mphindi 80, ndiye kaya mp3 yo ndi yopepuka bwanji, pobena pulogalamu imaitambasula kukhala mawu osafinya ndipo idya malo malinga nkutalika kwake. Nyimbo za mphindi 4 zilowa mwina 20, zakwaya zija zosafuna kutha zilowa zochepera apo. Auzeni mu pulogalamu yobenera ya Nero asankhe Audio CD, kapena Windows Media Player pa Burn asinthe kuchoka pa Data. Musanalipire aitsegule pa kompyuta, mukaona Track01.cda, Track02.cda ndiye yatheka, mukaona mayina othera .mp3 abwereza zomwezo.

Bembeke_Boy:
Zoona zimenezo man, koma mwaiwala za CD yo payokha. Gulani CD-R osati CD-RW, zofufutikazi mawailesi akale ambiri saziona, ndipo ena akasowa sitoko amakupatsani DVD yopanda kanthu poti maonekedwe ndi amodzi, imeneyo ndiye ayi ndithu. Komanso anyamatawa amabena pa liwiro la 48x kuti mzere uziyenda, inu kakamirani 8x kapena 16x, mudikire pang'ono koma siidzadumphadumpha mukamadutsa ma hampu. Aitsekenso, pa Nero amati finalize, ikasiyidwa yotsegula wailesi zina zimangoti No Disc. Ndipo musamatepo sitika chonde, lembani ndi maka, sitika ikamatuka mkatimo ndi kutentha CD imakanirira mpaka kumasula dashibodi yonse.

NaBanda_wa_Kampepuza:
Achimwene a Tekinishani ndifunseko pompa. Nyimbo za kwaya yathu ya amayi zinabwera pa WhatsApp, pa foni zikulira koma pobena zikukanidwa akuti failo yosadziwika, nditani?

Tekinishani_wa_Mphate:
Mayi zojambula pa WhatsApp ngati voyisi zimakhala mafailo a mtundu wa opus, Nero wakale sazilandira. Azisinthe kaye kukhala mp3 kapena wav pa pulogalamu ya VLC kapena Format Factory kenako abene. Koma ndinene chilungamo, mawu akaphwanyika pojambula CD siwakonza, pa sipika yaikulu zimveka zammphuno. Ngati amene anajambula ali ndi failo yoyamba tengani imeneyo pa fulashi. Zanuzanu ngati zimenezi benani mmene mungathere, za oimba ena nzomwe a COSOMA, oteteza umwini wa nyimbo, amazilondola.

Bembeke_Boy:
A Sienta, mukatopa nazo gulani modyuleta yobaya poyatsira fodya, imalandira fulashi ndi memore kadi nkumaponya nyimbozo ku wailesi pa FM. Ingoikani pakati pa 87.5 ndi 90 kuti wailesi yachijapaniyo igwire.

Wa_Sienta_pa_Lizulu:
Modyuleta ayi man, mapasenja amaikankha ndi bondo tikapanikizana kutsogoloku, yapita ija inathyoka choncho. Ndayang'ana pa wailesi palibedi polemba MP3. Tsono nyimbo 100 zija ndiye kuti ma CD 5 kapena 6, paketi ya CD-R ikupita bwanji pa Ntcheu masiku ano?