Tikufuna kufufuta zolemba pa mipanda kwathu ku Ndirande, tigule laimu kapena penti?

Mnyamata wa pa Goliyo:
Anthu inu tandithandizeni nzeru. Ife a kwaya kutchalitchi kwathu tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tikonzeko kamsewu kathu, kusesa tisesa koma chomwe chatinyansa kwambiri ndi mipanda. Paliponse palembedwa, pena mayina a zipani a nthawi ya kampeni ya 2025 ija akadalipo, pena wina analemba Maule mnzake kubwera kukhwatcha n'kulemba Nyerere pamwamba, pena manambala a asing'anga obweza mkazi wothawa, ndiye pali mpanda wina pomwe ana amadutsa popita kusukulu pali zotukwana ndi zithunzi zomwe, moti ukamadutsa ndi mayi ako umangoyang'ana pansi. Zina ndi makala zina ndi spray. Ndalama tasonkha koma ndi zochepa. Tigule chani? Nanga akhonsolo tiwauze kapena tingoyamba?

Wopenta wa ku Bangwe:
Aise musathamangire ku hadiweya, yambani mwayendera mipandayo muone kuti cholembera chinali chani. Makala ndi choko sizifuna ndalama, ndowa ya madzi, sopo waufa ndi burashi yolimba basi zatha. Zovuta ndi spray ndi penti ya oilo. Mukapaka laimu pamwamba pa spray tsiku loyambalo muona ngati mwawina, ukauma zilembo zija zimayamba kuonekera pansipo makamaka zakuda ndi zofiira, ndiye mvula ikangoyamba mu Novembala laimu yense amatsika. Pamene pali pulasitala palani kaye ndi waya burashi, pakani andakoti pa zilembo zokhazo, ikauma ndiye mupake PVA, penti yosungunula ndi madzi ija, kawiri. Pa njerwa zosapaka pulasitala musathire thina, mankhwala osungunulira penti aja, chonde, njerwa imamwa, penti ija imasungunuka n'kulowa mkati chibanga chake kuposa poyamba, pamenepo ndi kupala basi mpaka mkono uwawe. Thina amagwira bwino pa geti lachitsulo koma naye amachotsa ndi penti ya mwini wake yomwe.
Ndiye china, musamapake kachigamba kotsatira zilembo, pakani chigawo chonse kuchokera pa pilala kufika pa pilala ina apo ayi mpanda umaoneka ngati wadwala zipere. Ngati ndalama zangokwana laimu, thiranimo mchere pang'ono amagwirako bwino, ndipo muvale magolovesi ngakhale majumbo m'manja, laimu amadya khungu ameneyo.

Mayi a Mapasa:
Mwana wanga ganizo ndi labwino koma mpanda uli ndi mwini wake. Akhonsolo pena sangakuvuteni, amene angakuthamangitseni ndi alandilodi. Kwathu kuno anyamata anapaka mpanda wa bambo wina osapempha, kufufuta ndi pomwe analemba okha kuti "Osakodza pano", bambowo anatuluka ndi mpini kkkk ntchito inathera pomwepo. Pitani kwa amfumu a m'dera lanu kaye, iwo akuperekezeni khomo ndi khomo, mudzadabwa ena adzakupatsani ndi penti yotsala yomwe, ena madzi poti madzi a pa kiyosiki ndi ogula. Za zipanizo samalani, mukafufuta cha chipani chimodzi n'kusiya china mawa mudzamva kuti akwaya atumidwa. Muzifufuta zonse tsiku limodzi, kapena muzisiye zonse muyambe ndi zotukwana zija, palibe angakutsutseni pa zimenezo.

Kabaza Original:
Ine ndiye sindikuona phindu man. Mupaka Loweruka, Lamulungu kuli gemu ya Bullets ndi Wanderers, Lolemba m'mawa mudzapeza zigoli zalembedwa pa mpanda wanu woyerawo. Mwangowakonzera bolodi. Ndalamazo bwanji osagula mafosholo mukatsegule ngalande, onani mtsinje wa Nasolo mmene ulili ndi majumbo ndi matewera, zolemba sizinadwalitsepo munthu kolera.

Agogo a Chisomo:
A Kabaza mukunena zoona pa za ngalande koma anawa afunsa za mipanda, asiyeni ayambe ndi chomwe achiona. Ife nthawi ya Kamuzu tinkagwira Youth Week, kulambula misewu, kukonza milatho, palibe ankalandira kanthu, kungoti ija inali yokakamiza, awa adzipereka okha. Langizo langa ndi loti muwauze akhansala a wodi yanu, si nkhani ya chilolezo kwenikweni koma mukapala mapepala a asing'anga aja ndi kusesa mudzakhala ndi mulu wa zinyalala, ukakhala sabata osatengedwa anthu ayamba kutayapo zawo. Paja a Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa mu Novembala 2020 ku Chinsapo ku Lilongwe, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, mukatchula limenelo pokapempha galimoto yotenga zinyalala nkhani imamveka msanga. Koma pa thiransifoma ya ESCOM musayandikire ndi ndowa zanuzo ngakhale palembedwe chotani.
Ndipo olembawo mukuwadziwa, ndi ana a m'makomo mwanumo. Aitaneni, wina amene dzanja lake ndi labwino mumpatse mpanda wa kusukulu uja ajambulepo mapu a Malawi kapena zilembo za a e i o u ndi chilolezo cha mwini wake. Anzake sakhwatcha pomwe wajambula mnzawo.

Mnyamata wa pa Goliyo:
Zikomo nonse, agogo mwandikumbutsa, alipo wina amajambula zikwangwani za ma barbershop tikamuona mawa. Tigula andakoti ndi PVA wa mpanda umodzi wa zotukwana uja, kwinako sopo ndi burashi. A Kabaza ngalande mwezi wamawa, mubwere ndi fosholo yanu. Awopenta, PVA wake woyera ali bho?

Wopenta wa ku Bangwe:
Woyera ayi, fumbi la mu Okutobala limuonetsa litsiro sabata yomweyo. Tengani wa kirimu kapena wotuwa, ndipo muyambe m'mamawa dzuwa lisanatenthe khoma.