Kutumiza makolo ku Scotland ndi Ireland ndi dalaivala wawowawo, ndalama zake n'zoyenera kodi?

NyaKapata analemba:

Muli bwanji nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru makamaka kwa inu amene mukhala kunja kapena munapondako. Chaka chamawa atate ndi amai akwanitsa zaka 50 ali m'banja, ndiye ife ana tinagwirizana kuti tisonkhe tiwachitire chinthu chachikulu akadali ndi mphamvu zoyenda. Mlongo wanga ndi nesi ku Glasgow, ndiye wabwera ndi nkhani yoti kuli makampani amene amakupatsani motoka yabwino ngati Mercedes V-Class ija pamodzi ndi dalaivala wanuwanu, yemweyo ndiye amakuonetsaninso malo, mahotela amabukitsa okha, kwina mpaka mumagona mu castle. Pulogalamu imene anatumiza pa WhatsApp ili ndi Scotland, Ireland, Wales mpaka Cornwall m'masiku 12, akuti maiko achi Celtic. Mtengo wake sindiulemba pano mungandiseke, koma nditauona ndinakhala kaye pansi.

Atate ndi mkulu wampingo wa CCAP, kwawo ndi ku Lundazi, ndipo chiyambire tili ana nyimbo yawo ndi imodzi, Livingstone ndi amishoni a ku Scotland. Akuti asanamwalire aone Blantyre weniweni kumene Livingstone anabadwira, osati wa ku Malawi uyu. Amai ndi Akatolika, zaka 50 zonsezi atate alephera kuwatembenuza, anaphunzitsidwa ndi sisitere wa ku Ireland ndipo iwo mtima uli ku Knock basi. Vuto ndi mawondo, amai kukwera masitepe atatu chabe apuma kaye. Funso langa ndi loti dalaivala ameneyu ndi wofunikadi, kapena mlongo wanga angobwereka motoka awayendetse yekha? Nanga kumeneko si amayenda kumanzere ngati ife tomwe?

Mai_Tiko_Galway anayankha:

Asisi, musanalipire ngakhale ngwee imodzi ya dipoziti yambani ndi ma visa, apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Scotland, Wales, Cornwall ndi Northern Ireland ndi UK, visa imodzi ikwana. Koma Dublin, Galway ndi Knock zili ku Republic of Ireland, dziko lina, ndipo pa pasipoti ya Zambia pafunika visa yakeyake. Ireland salinso mu Schengen, ndiye wina asakunamizeni kuti visa ya ku Europe igwira. Chimene chimapusitsa anthu n'choti mukachoka ku Belfast kupita ku Dublin pa msewu palibe geti, palibe wapolisi wokhala poyera ngati pa Mwami, mumangoona kuti zikwangwani zasintha kuchoka pa ma miles kupita pa makilomita ndipo ndalama yasintha kuchoka pa pound kupita pa euro. Koma kusowa kwa geti sikutanthauza kuti mwaloledwa. Ofesi ya kazembe wa Ireland ilipo ku Lusaka, funsani komweko, ndipo muyambe msanga.

Za dalaivala ine ndikuti inde, chifukwa cha mawondo a amai. Ku Knock kulibe vuto, ndi ku County Mayo, malo ake ndi osalala, ndi pamene anthu amati Amai Maria anaonekera mu 1879, okalamba ndi odwala ndiwo amadzaza kumeneko. Koma ku Cliffs of Moher mphepo yake si yamasewera, phompho lake limafika mamita 214 kuchoka panyanja, munthu wodziwa amakusiyani pafupi ndi khomo, amadziwa nthawi imene mabasi akuluakulu sanafike, ndipo amadziwa pamene pali chimbudzi, musaseke, ndi okalamba imeneyo ndi nkhani yaikulu. Mugulireni amai jekete ya mvula, ambulera kuno imatembenuzidwa ndi mphepo tsiku loyamba lomwe.

Gaidi_wa_Mfuwe anayankha:

Amai, ine sindinapiteko koma ntchito yanga ndi yomweyo, ndimayendetsa alendo mu South Luangwa, ndiye ndilankhule ngati dalaivala. Munthu akabwera ndi motoka yake mu paki amazungulira tsiku lonse n'kutuluka ataona mphala ndi anyani, pamene ife tikudziwa mtengo umene nyalugwe amagona. Chimene mukugula si chiwongolero, ndi mutu wa munthuyo. Koma pulogalamu yanuyo yandiopsa. Maiko anayi m'masiku 12 ndi anthu a zaka zopitirira 70? Kumeneko ndi kuwanyamula ngati matumba a chimanga. Alendo anga amene amafuna Luangwa, Lower Zambezi ndi Livingstone mu sabata imodzi amabwerera kwawo otopa, ukawafunsa njovu ija munaiona kuti sakumbuka. Afunseni a kampani kuti tsiku lililonse mukhala m'motoka maola angati, kugona ndi chakudya cha dalaivala zili mumtengo kapena ndi zapadera, nanga matikiti a feri ndi olowera m'malo, nanga visa ikakanidwa dipoziti abweza? Zonse alembe pa imelo, za pakamwa ayi. Ndipo tip musaiwale, ife tikudziwa kuwawa kwake.

Jere_wa_ku_Feni anayankha:

Ana a masiku ano ndalama zikuwayabwa. Ndalama imeneyo mukumba dilawo pamudzi, muika sola, mugula ng'ombe ziwiri zapagoli, chenji chake muwatengera ku Chitambo kumene Livingstone anafera mu 1873, mtima wake unakwiriridwa konkuno ku Zambia, nanga ku Scotland akukafuna chiyani? Kukaona miyala ndi nkhosa? Nkhosa ku Katete ziliko.

NyaKapata anayankha:

Atate a Jere, mwandiseketsa. Dilawo tinakumba kale, sola ilipo. Ku Chitambo atate anapitako ndi anzawo a mpingo. Pano akufuna kumene munthuyo anayambira, ndipo zaka zonse anatilipirira sukulu ndi ndalama za fodya ndi nshawa osapempha kanthu, ichi chokha ndicho apempha.

Chisomo_G42 anayankha:

Alongo, ine ndikhala ku Glasgow konkuno ndipo zoyendetsa wekha ndinayesa, ndikuuzeni mmene zinathera. Zoona timayenda kumanzere ngati kwathu, mu tauni ndi pa motorway palibe chachilendo. Koma ku Highlands, kumapiri a kumpoto kwa Scotland, ndi pa chilumba cha Skye kuli timisewu topita motoka imodzi yokha, mukakumana mmodzi amalowa pa kamalo kopatukira kolembedwa passing place. Ine ndinapita ndi apongozi anga, pa kona ina ndinakumana ndi camper yaikulu, motoka ija yogonamo, kumbuyo kwanga motoka zitatu, kumbali dzenje la madzi, nkhosa yagona pakati pa msewu ikungotafuna osatekeseka. Pobwerera m'mbuyo tayala linagwera m'mphepete n'kuphulika, netiweki ya foni kulibe, apongozi ali kumbuyo akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi. Tinadikira mpaka mlimi wina anatithandiza, kenako a kampani yobwereketsa motoka anadula ndalama pa khadi yanga. Ndipo ine amene ndinali pa chiwongolero mapiri onse aja sindinawaone, ndinangoona phula. Mlongo wanuyo akayendetsa yekha ndiye kuti akhala dalaivala, wonyamula masutikesi, nesi wa amai, zonse, pa chithunzi sadzaonekapo.

Koma simufunika dalaivala masiku onse 12, apa ndiye mungapulumutse ndalama. Blantyre ali pafupi kwambiri ndi Glasgow, sitima imafika, nyumba imene Livingstone anabadwiramo mu 1813 ilipo ndipo ndi museum, banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi pafupi ndi fakitale ya thonje imene anayamba kugwirako ali ndi zaka 10. Atate akaona kachipinda kaja adzalira, ndikulumbira. Edinburgh nayo ndi ya sitima, pafupifupi ola limodzi, kungoti kokwera ku castle ndi chitunda, amai mutengere taxi. Dalaivala mumutenge pa Highlands ndi pa Ireland. Ndipo popeza atate ndi a mpingo, m'malo mwa Cornwall pemphani Iona, kachilumba kumene mmonke Columba anafika kuchokera ku Ireland mu 563 n'kuyambitsa nyumba ya amonke. Mumakwera feri ku Oban kupita ku chilumba cha Mull, kudutsa Mull yense pa timisewu tomwe tija mpaka Fionnphort, kenako kaferi kena kakang'ono, motoka za alendo sizimaloledwa kuoloka ndiye pali kuyenda pansi pang'ono, funsani za amai. Pamenepo Mkatolika ndi wa CCAP onse apeza chawo, mwina mkangano wa zaka 50 uthera pomwepo.

Kuoloka kupita ku Ireland feri ya Cairnryan kupita ku Belfast ndi maola awiri ndi pang'ono. Mwezi ine ndikuti May kapena kumayambiriro kwa September. August ayi, Edinburgh imadzaza ndi Festival, mahotela amakwera mtengo, komanso ku Highlands nthawi yotentha kuli tizilombo totchedwa midges, tochepa kuposa udzudzu koma timabwera ngati utsi. Muwauzenso atate kuti mu June 10 koloko usiku kunja kumakhala kukadali koyera, apongozi anga anakana kugona akuti dzuwa lisanalowe munthu wamkulu sagona.

NyaKapata anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso, za visa ziwiri ngakhale mlongo wanga sanaziganize, akuti iye amangoona Ireland ngati pa Mchinji. Talankhulana usiku, Cornwall tachotsa, Wales nayo mwina tichotsa ngakhale iye akuumirira kuti pobwerera adzere feri ya Dublin kupita ku Holyhead aone castle ya Conwy. Iona atate sindinawauze, ndikawauza lero ndiye kuti Lundazi yense amva mawa visa isanatuluke. A Mai Tiko, funso lina, amai akufunsa ngati m'mahotela amenewo angalole kuti munthu alowe kukhitchini aphike kansima, chifukwa akuti masiku 12 a buledi ndi mbatata ya kachewere iwo sangakwanitse, ndipo ufa ayamba kale kuusunga m'chigoba cha Cobra.