Zotsatira pa funso la kusonkhanitsa malogi a seva yosungira deta

Ndinafunsa posachedwapa momwe ndingasonkhanitsire malogi (zolemba zomwe makina amasunga za zonse zochitika mkati mwake) amene akatswiri a kampani yotithandiza anapempha, popeza diski imodzi pa seva yathu ya Linux inkazimiririka nthawi ndi nthawi, ndipo sevayo imayendetsedwa polemba malamulo basi. Nkhaniyi tsopano yatheka, ndipo ndikuthokoza nonse amene munandiunikira.

Lamulo lomwe linagwira ntchito yaikulu ndi sudo sos report --all-logs, lomwe limamanga malogi ndi makonzedwe a makina m'fayilo imodzi n'kuiika mu /var/tmp pa seva yathu. Mawu akuti --all-logs ndi ofunika, chifukwa popanda iwo malogi aakulu amadulidwa, ndipo kawirikawiri mbali yotayikayo ndi yakale, momwe vuto linayambira. Popeza sevayo inali itayatsidwanso, ndinawonjezera journalctl -k -b -1, lamulo losonyeza mauthenga a kernel (phata la Linux) a nthawi imene sevayo inali isanayatsidwenso, ngakhale kuti limathandiza pokhapokha ngati malogiwo amasungidwa mu /var/log/journal.

Chomwe chinaulula gwero la vuto, komabe, ndi smartctl -x, lamulo losonyeza thanzi la diski, pa diski yokayikitsayo. Pa zotsatira zake, nambala 5 ndi 197, zomwe zimawerenga magawo owonongeka a diski, zinali pa 0, pamene nambala 199, yowerenga zolakwika pakati pa diski ndi makina, inkakwerabe. Akatswiriwo anati tisinthe chingwe cha SATA, cholumikiza diski ndi makina, osati diski, ndipo chiyambire pamenepo diskiyo sinazimiririkenso.

Musanatumize fayilo ya sos report ija, ipititseni mu lamulo la sos clean kuti ibise mayina a makina ndi ma adiresi a IP. Mwa kuona kwanga, ndi bwinonso kuitsegula nokha n'kuona zomwe zatsalamo.