Tikupita kunyanja ku Senga Bay mu Disembala, tizikadya kuti?

Nabanda_Kapata:
Muli bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo abale anga. Ine ndi abambo akunyumba tagwirizana kuti ana akatsekera sukulu mu Disembala tiwatengere kunyanja ku Malawi, tasankha Senga Bay ku Salima poti ndi pafupi, tikadutsa pa Mwami ndi Mchinji, kenako Lilongwe, basi tsiku lomwelo tafika. Malo ogona tapeza kale, koma atatitumizira mitengo ya chakudya cha pa loji pa WhatsApp mtima unagunda, mbale imodzi ya chambo ndi tchipisi ndalama yake kuno ku Chipata tingagule ndiwo za masiku angapo, ndiye tilipo ambiri, ana atatu komanso apongozi anga amene sagona osadya nsima, mpunga kwa iwo ndi chakudya cha odwala. Funso langa ndi ili, kodi malesitilanti a anthu wamba ozungulira kumeneko ndi odalirika? Ndikuopa ana angatsegule m'mimba ulendo n'kuwonongeka. Komanso ndikufunitsitsa kudya chambo chenicheni cha m'nyanja, osati nsomba za m'madamu zomwe timagula mufiriji kunozi. Amene munapitako tiuzeni chonde.

aZulu_wa_Katete:
Amayi musaope, pitani mukadye kumene eni dziko amadya. Ine ndimayenda njira imeneyo pa bizinesi ya mpunga ndipo sindidya pa loji, kugona kokha. Chinsinsi ndi nthawi. Lesitilanti yakumudzi muzifika masana nsima ikungophulidwa kumene, pakati pa 12 ndi 1 koloko, nthawi imene madalaivala a minibasi ndi anyamata a kabaza adzaza pa mabenchi, pamenepo chilichonse ndi chamoto ndipo mphika sukhalitsa. Mukafika cha m'ma 4 mupeza zotsala, nsomba yoti yakhala pa dzuwa la Salima kuyambira m'mawa, ndipo Salima kumatentha zedi kuposa kwathu kuno. Musachite manyazi kupempha kuona mumphika, amayi ophika aja amavundukula okha, mumasankha mutu kapena mchira. Ndiwo zamasamba zimabwera pambali, nkhwani wotendera kapena bonongwe, mu Disembala mvula ikagwa masamba ali mbwee. Apongozi anu nsima akaipeza ya ufa woyera wosalala bwino, a ku Malawi mgaiwa sagulitsa kwambiri m'malesitilanti, ngati amakonda wa mgaiwa munyamule ufa wanu.

Za ndalama, sinthani pang'ono pokha pa boda kuti mukhale ndi kwacha ya Malawi m'thumba chifukwa malo ang'onoang'ono salandira khadi, ndi kashi kapena Mpamba ndi Airtel Money ya kumeneko. Mitengo musadalire ya munthu amene anapita kalekale, kwacha yawo anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu zakhala zikukwera, funsani mtengo musanakhale pansi. Boda ya Mwami pano ndi ya malo amodzi kuyambira 2022, zonse za Zambia ndi Malawi mumamaliza m'nyumba imodzi, ndiye mukalawira ku Chipata nkhomaliro mukadyera ku Salima.

Mjomba_Salima:
Achemwali takulandirani kwathu. Ine kwathu ndi ku Salima konko koma ndinakwatira kuno ku Chipata, ndiye ndikuuzani zoona zokhazokha. Nkhani ya chambo mu Disembala ikhoza kukukhumudwitsani. Novembala ndi Disembala ndi nthawi imene boma limatseka usodzi wa makoka m'mbali mwa nyanja kuti chambo chiswane, chifukwa nsomba imeneyi imasunga mazira ndi ana ake mkamwa, ukapha mayi mmodzi wapha ana onse. Chambo chachepa kwambiri m'nyanja muja poyerekeza ndi mmene tinkakulira, ndiye nthawi imeneyo chimene mungachione pa mbale mwina ndi cha mufiriji, mwina ndi choweta, mwinanso ndi choti wina wapha mozemba lamulo. Ine ndingakupempheni kuti wina akabwera kunyanja ndi tiana ta chambo mu beseni musagule, ngakhale atsitse mtengo bwanji.

Koma nyanja ili ndi nsomba zambiri zoti alendo sazifunsa n'komwe, aliyense amangoti chambo chambo. Kwa ana anuwo funsani kampango. Ndi nsomba yopanda mamba, mnofu wake ndi wochindikala, minga ndi yochepa, mwana amadya osam'tsamwa, yophika ndi tomato ndi anyezi msuzi wake umagwira nsima bwino kwabasi. Chambo chili ndi timinga tovuta kwa mwana wamng'ono. Kulinso mcheni, yaitali ija yamano, ili ndi mafuta, yowotcha pamakala ndi mchere ndi ndimu basi palibenso chowonjezera. Ndiye usipa wauwisi! Inu a ku Chipata mumaudziwa wouma wa pa Kapata market kapena kapenta wa ku Siavonga ndi Mpulungu, koma wauwisi wongotuluka m'madzi ndi nkhani ina, amaukazinga pang'ono n'kuthira tomato, umasungunuka mkamwa.

Chitani chonchi. Dzukani m'mamawa dzuwa lisanatuluke mupite padoko pamene mabwato amakochezera. Usiku mukaona magetsi ambirimbiri pakati pa nyanja amenewo ndi asodzi a chilimira akukopa usipa ndi nyali, m'mawa ndiye amabwera nawo. Gulani nsomba nokha, yang'anani maso akhale owala osati otuwa, tsegulani m'makha mukhale mofiira, mukadina mnofu ndi chala ubwerere. Kenako pitani nayo kwa amayi a lesitilanti ina iliyonse yapafupi, muwauze akuphikireni, mumalipira nsima, nkhuni, mafuta ndi ntchito yawo. Ambiri amavomera bola muwauze m'mawa ndi nthawi yomwe mubwere. Mukatero mwadziwa kuti nsomba yanu ndi ya lero, ndalama yapita kwa msodzi ndi kwa mayi wa pamudzi, ndipo banja lonse lakhuta. Mpunga wa kwathu ku Lifuwu muulawenso, uli pafupi pomwepo ndi Senga Bay. China, malesitilanti ambiri kumeneko ndi a Asilamu, nkhumba musafunse, ndipo Lachisanu masana ena amatseka kaye kupita ku mzikiti.

Nangozo_Chadiza:
Ine ndisiyana nanu pang'ono abambo awiri mwalankhulamo. Inu mumayenda nokha, mimba zanu zinazolowera, koma amayiwa ali ndi ana atatu ndi munthu wachikulire, ndipo Disembala ndi dzinja. Tisaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023 ku Malawi, inapha anthu ambiri ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja ngati Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri. Sindikuti musadye kumudzi ayi, nanenso ndimadya, koma pali zinthu zimene sindilola mwana kukhudza, saladi wa kabichi ndi tomato waiwisi amene amaika pa tchipisi cha pachiwaya, mafiriziti a m'mapepala, thobwa la mundowa, madzi a mujagi ya patebulo. Madzi gulani a m'botolo otseka kapena nyamulani klorini. Posamba m'manja yang'anani, ngati ndi beseni limodzi loti aliyense akuviikamo, pemphani akuthirireni, ndipo kasopo kanu kakhale mu chikwama. Mango nthawi imeneyo ku Salima amakhala mbwee otchipa kwambiri, ana adzawafuna, tsukani ndi madzi anu n'kusenda nokha. Ndipo ine madzulo ndingadye pa loji ndithu ngakhale kudula, kuyenda mumdima ndi ana kufunafuna lesitilanti pa malo achilendo ayi. Munyamulenso ORS, sachuluka mtengo.

aZulu_wa_Katete:
Anangozo za madzi ndi saladi mwanena zoona, sinditsutsa. Koma zoti pa loji ndiye potetezeka sindivomereza, khitchini ya pa loji simuiona, magetsi akazima firiji imazima ndipo nsomba imasungunuka n'kuumanso inu osadziwa, pamene kwa amayi a pamsika mphika uli pamoto pamaso panu. Chamoto ndi chamoto. Madzulo mutha kutumiza abambo cha m'ma 5 ndi makontena akatenge nsima ndi ndiwo mukadyere kuchipinda, bola mufunse kaye eni loji chifukwa ena salola chakudya chakunja.

Nabanda_Kapata:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Amjomba za chambo sindimadziwa kuti Disembala ndi nthawi yoswana, ndiye tidya kampango ndi mcheni, chambo tidzabwerera nthawi ina. Anangozo klorini ndi ORS ndalemba kale. Funso lina laling'ono, apongozi akuti sitingabwere kunyanja chimanjamanja, akufuna usipa wouma wokagawira abale kumudzi. Tigule padoko pomwepo kapena pamsika wa Salima?

Mjomba_Salima:
Gulani kumathandala kunyanja konko, koma mu dzinja samalani chifukwa usipa woyanika pa dzuwa suuma bwino kukakhala mitambo, umachita fungo ndipo ena umawawa. Funsani wofutsa, uja amayamba auviika m'madzi owira amchere asanauyanike, umasungika bwino ndipo suwawa, tengani kamodzi mulawe musanalipire, ogulitsa sakana. Musaumange mu pulasitiki, ikani mu katoni kapena mu thumba la saka kuti uzipuma mpaka ku Chipata. Pa boda nenani poyera kuti ndi wakudya pakhomo ndipo musachulutse ngati wa bizinesi, katundu wambiri amafuna mapepala. Apongozi muwagulirenso botolo la Nali ngati amadya tsabola, kapena kambuzi wauwisi pamsika wa Salima pamene mukukwera minibasi yobwerera ku Lilongwe.