Ndikusamukira ku Lilongwe ndipo ndikufuna kugula nyumba: dera lotetezeka koma losaboola m'thumba ndi liti?

Mbewe wa ku Chilomoni

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukuudziwa bwino mzinda wa Lilongwe. Kuntchito andiuza kuti ndisamukire ku likulu kumayambiriro kwa chaka chamawa, ndipo ofesi yathu ili ku City Centre, kufupi ndi Capital Hill. Ine ndi mayi akunyumba tagwirizana kuti ulendo uno tisakhalenso pa lendi. Tagulitsa kanyumba komwe tinali nako ku Chileka, ndipo tikaphatikiza ndi zomwe takhala tikusunga, tili ndi ndalama zosaposa K70 miliyoni. Ngongole ya kubanki sitikuifuna poti chiwongoladzanja chake chinadutsa 25 peresenti, komanso kusunga ndalamazi nthawi yaitali tikuopa, popeza tonse tinaona mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023 ndi mmene simenti ndi malata zinakwerera pambuyo pake.

Vuto langa ndi lakuti Lilongwe ndimangomudutsa. Manambala a madera ake amandisokoneza, chifukwa ndinkayesa kuti Area 24 ndi Area 25 ndi zoyandikana, koma ndauzidwa kuti ina ili kummwera, ina kumpoto kwenikweni. Ma ejenti a pa Facebook ndi WhatsApp akunditumizira zithunzi za nyumba za ku Area 25, Area 49, Area 36, Area 38, Airwing ndi Chitipi, ndipo aliyense akunena kuti kwakeko ndi kwabata. Tili ndi ana atatu, awiri ali ku pulayimale, ndipo mayi awo amasoka zovala pakhomo, kotero masana ambiri amatsala okha ndi mwana wamng'ono. Kodi ndi dera liti lomwe munthu wa ndalama ngati zathuzi angagule nyumba ya zipinda zitatu n'kumagona tulo osadzidzimuka?

NaBanda wa ku 49

Bambo Mbewe, choyamba chotsani m'maganizo Area 3, 9, 10, 12, 43 ndi 47, chifukwa ndalama mwatchulazo sizifikako. Chachiwiri, popeza ntchito yanu ili ku City Centre, yambani kuyang'ana madera a kumpoto kwa mtsinje wa Lilongwe, monga 18, 49 ndi 25. Kummwera, ku 36, 38, 23, 24 ndi Kawale, nyumba zimatsikirapo mtengo, koma mudzayenera kuwoloka mtsinjewo m'mawa ndi madzulo aliwonse, milatho ndi yochepa, ndipo amene anaimapo pamzere wa magalimoto wa ku Old Town nthawi yoweruka akudziwa chimene ndikunena. Ku 18 n'kufupi kwambiri ndi ntchito yanu, koma nyumba zambiri kumeneko ndi zakale, mapuloti ake ndi aang'ono, ndipo eni ake sagulitsa kawirikawiri.

Komabe funso lanu lili ndi msampha, chifukwa ku Lilongwe nambala ya dera siikuuzani za chitetezo. Kuno ku 49 kuli Proper, Gulliver, Shire ndi Dubai, ndipo moyo wake ndi wosiyana ngakhale onse amalemba adiresi imodzi. Ku 25 nakonso kuli 25A, 25B, 25C ndi masekitala angapo, ena oyalidwa bwino ndi misewu yake, ena omwe galimoto ya ambulansi singafike pakhomo. Mutha kupeza msewu wina wabata pamene msewu wachitatu kuchokera pamenepo anthu akuthyoleredwa nyumba mwezi ndi mwezi. Choncho musagule dera, gulani msewu.

Msewu wabwino umadziwika motere. Mupiteko madzulo dzuwa litalowa, osati nthawi imene ejenti wakusankhirani, ndipo muone ngati amayi ndi ana akuyendabe momasuka, ngati makomo ali ndi magetsi apanja, ndi ngati pafupi pali bala kapena malo ogulitsira kachasu. Muwerenge nyumba zosatha ndi mapuloti olimidwa chimanga, chifukwa chimanga chikakula mu February ndi March akuba amabisalamo, ndipo nyumba zosafolera ndi momwe amasungira katundu wakuba. Mufunse anyamata a kabaza a pa siteji kuti ndi njira iti yomwe amakana kupita usiku; iwo sanama pa nkhani imeneyi poti njinga zawo n'zimene zimalandidwa. Mufunsenso anthu oyandikana nawo ngati ali ndi gulu la chitetezo cha m'dera, ngati amasonkha mwezi uliwonse, ndi ngati ambiri pamsewupo ndi eni nyumba kapena a lendi. Kumene eni nyumba achuluka anthu amadziwana mayina, mlendo akaima pageti amafunsidwa, ndipo zimenezi zingawateteze mayi akunyumba kwanu masana kuposa mpanda wautali wa waya wamagetsi. Apolisi a ku Lingadzi ndi a ku Kanengo nawonso mukawafikira mwaulemu amanena mbali zomwe zikuwavutitsa.

Tsono pali mdani wina amene alendo amamuiwala, ndiye madzi. Inu a ku Blantyre munaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche mu March 2023, ndipo mwina mukuganiza kuti poti Lilongwe ndi wachidikha nkhawa imeneyo mwaisiya. Kuno vuto ndi mitsinje ndi madambo. Mu February 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba ku Mtandire ndi m'madera oyandikana nako, ndipo m'mbali mwa mitsinje ya ku Kawale, Chipasula ndi Kaliyeka madzi akhala akuononga zaka zingapo. Nyumba yotsika mtengo modabwitsa kawirikawiri imakhala m'dambo, ndipo imagulitsidwa mu September kapena October nthaka itauma gwa. Muyang'ane penti yatsopano yopakidwa m'munsi mwa khoma mokha, pulasitala yofufuma, ming'alu yoyambira pa fawundeshoni, ndi makonde a anansi omwe anachita kukwezedwa. Langizo langa ndi lakuti muchite lendi m'dera lomwe mwalikonda kufikira dzinja limodzi lithe, ndipo mugule mutaona msewuwo mvula ikugwa.

Kalaliki wa kwa loya

A Mbewe, zimene Mayi NaBanda anena za msewu ndi madzi ndi zoona, koma pa za kudikira dzinja lonse ndikusiyana nawo pang'ono. N'zoona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kwacha siidekha, ndipo inu mukufika mu January mvula ili pakati, kotero miyezi itatu yoyambirira ikukwanirani kuona zonse zimene akunenazo. Chimene chimatenga nthawi, ndipo chimene chimalanda anthu nyumba kuposa akuba ndi madzi, ndi mapepala.

Malo a mumzinda wa Lilongwe ali ndi eni osiyanasiyana. Ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo ya mzinda, makamaka madera akale a mapuloti odzimangira, ndipo ena ndi a makampani omwe anagula minda n'kuidula mapuloti. Funso lanu loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti malowa anawapatsa ndani, ndipo mukafunse nokha ku ofesi imeneyo, osatuma ejenti. Ngati pali title deed, chomwe ndi chikalata cha umwini wa malo, loya wanu akafufuze ku kaundula wa malo kuti aone dzina la mwini, zaka zomwe zatsala pa lizi (mgwirizano wobwereka malowo kwa nthawi yoikika), yomwe pa nyumba zokhalamo nthawi zambiri imakhala ya zaka 99, ndiponso ngati nyumbayo sinaperekedwe ngati chikole kubanki kapena kuikidwa chiletso ndi munthu wina. Dzina la pa chikalatacho lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akukugulitsaniyo, ndipo mumuone maso ndi maso.

Nyumba zambiri zotsika mtengo m'madera akale ngati 18, 25 ndi Kawale ndi chuma cha masiye. Mwana mmodzi amathamangira kugulitsa abale ake osadziwa, inu n'kulipira, kenaka patapita chaka n'kulandira chisamani cha kukhoti. Ngati mwini wake anamwalira, pemphani chikalata cha khoti chopatsa wogulitsayo mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo mayi wamasiye ndi ana onse akuluakulu avomereze polemba. Ngakhale mwini ali moyo, ine sindilola kuti mwamuna asayine yekha mkazi wake asakudziwa.

Pa K70 miliyoni yanuyo musaiwerengere yonse ngati mtengo wa nyumba. Pali malipiro a loya, msonkho wa stamp duty, chilolezo cha mwini malo chosinthira umwini, chikalata cha MRA chosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho, ndi kalata ya khonsolo yotsimikiza kuti msonkho wa nyumbayo unalipidwa. Ngongole zakale za madzi ndi za lendi ya malo zimatsalira wogula ngati sanazione msanga, choncho zilembedwe mu mgwirizano kuti wolipira ndani. Ndikuonjezeraponso saveya, katswiri woyeza malo, woti akuonetseni mabikoni osonyeza malire a puloti, chifukwa mipanda yambiri inalowa mu msewu kapena pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, ndipo khonsolo ikadzabwera kudzagwetsa siifunsa kuti anamanga ndani.

Nkhoma wa ku Chitipi

Achimwene a Mbewe, onse awiri akukukokerani mkati mwa tauni, ndiye ndiloleni ndiyankhulireko ife a kunja kuno ku msewu wa Mchinji. Ndalama yomwe ku 49 ingakupatseni nyumba yakale yofunika kukonza, ku Njewa, Airwing kapena Chitipi ingakupatseni nyumba yatsopano ya bwalo lalikulu loti ana azisewera ndi kudzala ndiwo. Anthu ambiri ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani amanga kuno, ndipo msewu wolambalala mzinda umatithandiza kupita mbali ya Bunda osalowa mu Old Town.

Koma sindikubisirani mtengo wake wobisika. Ngati mulibe galimoto, inu mudzakwera kawiri kuti mufike ku City Centre, ana nawonso adzafuna zoyendera ngati sukulu yomwe mwaikonda ili mtauni, ndipo mafuta akasowa monga zakhala zikuchitikira zaka zaposachedwapa, mitengo ya minibasi ndi kabaza imakwera tsiku lomwelo. Muwerengere ndalama imeneyo pa zaka khumi musanasangalale ndi kutsika kwa mtengo wa nyumba. Mbali zina mapaipi a Lilongwe Water Board sanafike, anthu amadalira mijigo ndi zitsime, ndipo nyumba yomwe ejenti akuti magetsi ali pafupi ndi yosiyana kwambiri ndi nyumba yomwe mita ili kale pakhoma. Makasitomala a mayi akunyumba nawonso muwaganizire, chifukwa telala amafuna malo odutsa anthu.

Za chitetezo, malo atsopano amavuta zaka zoyambirira pamene nyumba zili patalipatali. Kwathu kuno zinasintha pamene tinagwirizana ndi a mfumu ndi anthu a m'mudzi omwe tinawapeza, n'kulemba anyamata a komweko ntchito yolondera, m'malo modzitsekera m'mipanda ngati kuti eni mudziwo ndi adani. Chenjezo langa lalikulu ndi pa malo a makolo. Kalata ya a mfumu yokhala ndi chidindo si umwini wokwanira, puloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo malamulo a za malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa kagulitsidwe ka malo oterewa. Kuno gulani nyumba yomwe mwini wake anatsiriza kale za lizi.

Mbewe wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse atatu. Takambirana ndi mayi akunyumba ndipo tikuona kuti ku Chitipi kungatitalikire chifukwa galimoto tilibe. Tiyamba ndi lendi ku 25 kapena ku 49 mu January, tikuyendera misewu monga mwatilangizira. Funso langa lotsala ndi lakuti ejenti wina wandiuza kuti nyumba ya ku 25 yomwe ndaikonda pa zithunzi ikufunidwa ndi anthu ena awiri, ndipo akuti nditumize K2 miliyoni pa foni kuti andisungire. Kodi zimenezi ndi zovomerezeka?

Kalaliki wa kwa loya

Musatumize, a Mbewe. Mawu akuti pali ena akuifuna ndi amene madobadoba amauza wogula aliyense, ndipo ndalama yopita pa nambala ya foni ya munthu yemwe si mwini nyumba simudzaipeza poitsatira. Ndalama yachikole imaperekedwa pokhapokha kafukufuku wa ku kaundula atatuluka ndi mgwirizano utasayinidwa, ndipo imadutsa ku akaunti ya loya kapena kubanki ya mwini wake weniweni, mgwirizanowo utanena momveka kuti idzabwezedwa ngati chilolezo chosinthira umwini chakanika. Muuzeni ejentiyo akupatseni nambala ya puloti ndi ya title deed, komanso tsiku loti mukumane ndi mwini nyumba pa nyumba pomwepo. Mukatha kuona mapepalawo, loya mumusankhe nokha, asakhale yemwe akuimiranso wogulitsa.