Kodi lilipo khadi la ngongole losafunsa OTP pogula pa intaneti?

Abale anga a pa gulu pano, ndithandizeni nzeru, ndafika potopa.

Ntchito yanga ndi yoyendayenda, nthawi zina ndimatha masabata atatu ndili kunja kwa dziko. Ndili ndi khadi la ngongole la Visa ndipo m'masitolo ndi m'mahotela silindivuta. Vuto limabwera pa intaneti. Ndikalemba nambala ya khadi, tsiku lothera ntchito ndi manambala atatu akumbuyo aja, pamatseguka kabokosi konena kuti banki yatumiza OTP, nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha yotsimikizira malipiro, pa foni yanga. Koma SIM yangayo ikakhala kunja imalandira mauthenga pamene yafunira.

Mwezi watha ndinamva kuti bambo anga agonekedwa m'chipatala. Usiku womwewo ndinapeza mpando pa ndege ya m'mawa. Ndinalemba zonse manja akunjenjemera, kabokosi kaja n'kutseguka, kawotchi kake n'kuyamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ndinaima pawindo foni ndili nayo m'mwamba, zii. Ndinadina kuti atumizenso, zii. Nthawi inatha, tsamba linandibweza poyambira. Mauthenga onse anadzafika pamodzi mbandakucha, mpando utapita kale. Bambo ali bwino tsopano, koma usiku umenewo sindikufuna udzandionekerenso.

Ndiye funso langa: pali amene ali ndi khadi loti ukangolemba manambala basi ndalama yapita? Ndi la mtundu wanji, ndipo ku banki ndikapemphe kuti chiyani?

Mayi wina:
Pepani kwambiri achimwene, ndipo tithokoze kuti bambo achira. Ndinagwirapo ntchito ku dipatimenti ya makhadi, ndiye ndikuuzeni mosapita m'mbali: chimene mukufunacho sichikhala m'khadimo. Kabokosi kaja dzina lake ndi 3D Secure. Visa inakayambitsa mu 2001 pa dzina la Verified by Visa, lero amati Visa Secure. Kwa Mastercard ndi Identity Check, kwa American Express ndi SafeKey. Mukasintha khadi, mwangosintha dzina lolembedwa pa kabokosiko.

Amene amayambitsa funsolo ndi wogulitsa, ndipo amene amagamula kuti mufunsidwe kapena ayi ndi banki yanu. Chifukwa chake ndi ndalama. Wogulitsa akalandira malipiro osatsimikizidwa, mwini khadi n'kudzati si ine ndinagula, wogulitsayo ndi amene amabweza. Akadzera pa 3D Secure, mtolowo nthawi zambiri umasamukira ku banki imene inapereka khadi. Tikiti ya ndege ndi yodula ndipo mbava zimaikonda, ndiye makampani ambiri a ndege safuna n'komwe kusewera napo.

Mwini funso:
Zikomo mayi. Nanga bwanji masamba ena sandifunsa chilichonse, khadi lake lomweli?

Mayi uja:
Ena sanaike n'komwe 3D Secure, anasankha kusenza okha zikavuta kusiyana n'kutaya makasitomala. Ena anaika, koma ndi mtundu watsopano umene bungwe la EMVCo, loona za luso la malipiro a makhadi, linatulutsa mu 2016. Umenewu umatumiza ku banki zambiri mwakachetechete: foni kapena kompyuta imene mukugwiritsa ntchito, komwe muli, kuchuluka kwa ndalama, adiresi yanu. Banki ikaona kuti zonse n'zachizolowezi imalola osakufunsani. Tsopano taonani usiku wanu uja: muli dziko lina, pakati pa usiku, ndalama zambiri, ndege ya m'mawa womwewo. Kwa makina a banki, umo ndi mmene wakuba amaonekera.

Bambo wina:
Ndiwonjezereko. Ine ndimakhala ku Ulaya, ndipo kuno si nkhani ya kufuna kwa banki ayi, ndi lamulo. Limatchedwa PSD2, ndipo gawo lake lokhudza kutsimikiza linayamba pa 14 September 2019, ngakhale mabanki anapatsidwa nthawi yokonzekera. Limafuna zinthu ziwiri mwa zitatu: chimene ukudziwa monga nambala yachinsinsi, chimene uli nacho monga foni, ndi thupi lako monga chala kapena nkhope. Zogula zosapitirira mayuro 30 angathe kukulekerera, koma zikakwana zisanu motsatizana kapena zikapitirira mayuro 100 pamodzi, akufunsa ndithu. Zolipira mwezi ndi mwezi amakufunsa poyamba pokha. Ku India nakonso banki yawo yaikulu inalamula zofanana ndi zimenezi kuyambira 2009. Mwina kwanuko malamulo ndi ofewerapo, koma dziko lonse likulowera komweku.

Mwini funso:
Ndamva bambo. Komanso anthu awiri andilembera kumbali, akuti ali ndi makhadi osafunsa OTP, ndingowatumizira ndalama andipatsa manambala. Mukuwadziwa anthu otere?

Woyang'anira gulu:
Achimwene, musawayankhe, ndipo nditumizireni mayina awo ndiwachotse. Khadi lenileni limachokera ku banki kapena kampani yovomerezeka, lili m'dzina lanu. Munthu wogulitsa manambala kumbali akugulitsa makhadi a anthu ena obedwa, kapena sakugulitsa kanthu, angolandira zanuzo n'kusowa. Mukagulira tikiti nambala yobedwa, mwini wake akadandaula tikitiyo imafafanizidwa, ndipo dzina lolembedwa pamenepo ndi lanu, la pa pasipoti. Apolisi amayambira pamenepo.

Chemwali wina:
Ine kabokosi mukudana nakoka kanandipulumutsa. Tsiku lina ndikuchapa, foni inalira: OTP ya zinthu zimene sindinagule, ku tsamba limene sindinalionepo. Posakhalitsa wina anaimba, mawu aulemu kwambiri, akuti ndi wa ku banki, ndimuwerengere nambalayo kuti aletse malipirowo. Ndinatsala pang'ono, ndinali nditatchula kale manambala awiri oyamba. Ndinadula, n'kuimbira nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi. Analitseka pomwepo, sindinataye kanthu. Manambala onse a khadi langa munthuyo anali nawo, chinamusowa ndi OTP yokhayo. Ndiye ine khadi losafunsa sindingalitenge ngakhale laulere.

Mayi uja:
Achemwali anena zoona, banki siimbira munthu foni kuti aiwerengere OTP. Koma achimwene musabwerere chimanjamanja, chifukwa mdani wanu si kutsimikizako, ndi SMS. Mukafunse ku banki ngati ali ndi njira yovomerezera malipiro mu app yawo. Uthenga umabwera mu app momwemo kudzera pa Wi-Fi iliyonse, inu n'kuika chala, basi zatheka, SIM ilibe nazo ntchito. Mabanki ena amatumizanso OTP pa imelo mukapempha. China, ngati banki yanu imalola, lowetsani khadilo mu Google Pay kapena Apple Pay. Pa masamba amene amalandira zimenezi chala kapena nkhope yanu ndiye chitsimikizo, kawirikawiri kabokosi kaja sikatuluka, ndipo wogulitsa saona nambala yeniyeni ya khadi lanu. Chachikulu, zonsezi muchite musananyamuke. Kulembetsa app ndi kulowetsa khadi mu foni nthawi zambiri kumafuna SMS kamodzi, ndiye mukadikira mpaka mufike kunja mudzaimanso pawindo paja.

Mwini funso:
Ndabwerako ku banki. App anali nayo kalekale, ine sindinkadziwa, palibe anandiuzapo tsiku limene ndinkatenga khadi. Tailembetsa limodzi ndi mtsikana wa pakauntala, ndipo ndayesa kugula kanthu kakang'ono nditachotsa SIM, ndili pa Wi-Fi yokha. Uthenga wabwera nthawi yomweyo, ndaika chala, zadutsa. Chandidetsa nkhawa ndi chimodzi: zonse tsopano zili mu foni imodziyi. Ikatayika kapena kubedwa ndili kunja, nditani?

Mayi uja:
Lembani papepala nambala ya banki yoimbira muli kunja, muisunge pamodzi ndi pasipoti, osati mu foni. Ndipo tengani khadi lachiwiri la banki ina, lizikhala m'chikwama china. Mukafunsenso mawa kuti app yawoyo imalembetsedwa bwanji pa foni yatsopano munthu ali kutali, chifukwa mabanki amasiyana pamenepo. Akakuyankhani mudzatiuze pano, alipo ambiri oyendayenda pa gululi.